Chitsulo Chimene Sichinapite ku Ndola

Munthu amene anandilakwira pa ntchito yanga yoyamba ndi a Langton Mbewe a ku Chipata, ndipo ndikuwatchula dzina pano poyambirira kuti inu ana anga, Tadala ndi Yankho, musadzamve za m'maluwa. Anatenga nyimbo imene agogo anu, bambo anga a Yotamu Gama, anaimbira ife a m'nyumba tokha, n'kuiika m'bokosi lopita ku Africa kuti ikagulitsidwe. Ankadziwa bwino lomwe kuti m'nyimbomo muli mayina a abale athu otsala ku Malawi, ankadziwanso chimene boma la nthawi imeneyo linkachita ndi abale a munthu wothawa. Mawu osasa a nkhalamba amene ndinakutumizirani pa foni chaka chatha, amene iwe Yankho unafunsa ngati ndi agogo, si agogo. Muwerenge mpaka kumapeto mudziwe mwini wake. Ndalemba m'Chichewa dala. Mumamva koma mumayankha m'Chingerezi. Apa palibe choyankha, mungowerenga, ngakhale muzichita kukhumudwa pa liwu lililonse.

Tottenham, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Sukulu ndinasiya ndisanalembe mayeso alionse. Mphunzitsi wina ankakonda kundiimiritsa kutsogolo kuti anzanga aziseka katchulidwe kanga, ndiye tsiku lina ndinamugenda ndi chofufutira pa bolodi, n'kutuluka osabwereranso. Bambo, amene ku Zomba anali kalaliki wa boma wovala tayi koma kuno ankatsuka mapoto mu kantini ya chipatala, sanandimenye. Anangoti mutu wanga uli ndi moto wambiri kuposa nzeru, ndiye ndikafune ntchito yoti motowo ukagwire. Amene anandipezera ntchitoyo ndi a Mbewe omwewo. Ankabwera kwathu Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, atavala jekete lachikopa, akuyankhula Chinyanja chawo cha m'tauni chimene mayi anga ankaseka. Bambo ankawaitana kuti mphwanga, iwo n'kumati amalume. Ubale wa magazi panalibe, koma masiku amenewo munthu aliyense wodziwa kunena zikomo m'London muno anali m'bale.

Kampaniyo inali kuseri kwa msewu waukulu wa ku Tottenham, m'nyumba yakale yosokera malaya. Pansi panali makina odindira mbale za nyimbo, pamwamba kachipinda kojambuliramo mawu, makoma ake omata makatoni a mazira. Mwini wake anali mzungu wina, a Collier, wosamva chiyankhulo chilichonse cha ku Africa koma wodziwa kuti mbale za ku Africa zikugulidwa m'mashopu a ku Peckham. Khutu lake linali a Mbewe. Iwo ndi amene ankasankha nyimbo, iwonso ndi amene ankakwera ndege.

Ine anandiika pansi pa mdala Percy, munthu wamfupi wa zala zothimbirira ndi mankhwala, amene anayamba ntchito nthawi ya galamafoni yopukusa ndi dzanja. Iye ndiye anandiphunzitsa kuti nyimbo imayamba pa tepi, kuchoka apo imalembedwa ndi singano pa mbale yofewa, mbaleyo n'kuviikidwa m'madzi a mankhwala mpaka kutuluka chimbale chachitsulo. Chitsulocho ankachitcha mayi, chifukwa ndicho chimabala zodindira, ndipo zodindirazo zikatha mano umabwerera kwa mayi yemweyo. Percy ankati chiyambire ntchitoyi makampani a m'mayiko osiyana sankatumizirana mbale zenizeni, poti n'zolemera, zimasweka pa sitima, ndipo a kasitomu amadulapo msonkho woopsa. Ankatumizirana mayi. Iwe undipatse chitsulo cha nyimbo za kwanu, ine ndikupatse cha nyimbo za kwathu, aliyense akadinde kwawo ndi kumata dzina la kampani yake. Chimodzi kwa chimodzi, ngati amayi awiri osinthana mbewu ya nyemba ndi ya mtedza. Ankanenanso, akupukuta magalasi, kuti pali oimba ambiri amene anafa osadziwa kuti mawu awo akugulidwa kutsidya kwa nyanja ndi dzina la munthu wina. Ifeyo tinkasinthana ndi kampani ina ya ku Ndola, m'Zambia. Lamulo la Percy linali limodzi: chitsulo sichilowa m'bokosi asanachimvere ndi makutu ake kuyambira kunja mpaka m'kati, chifukwa nambala yokanda pachitsulo inganame. Ntchito yanga inali kuchiika pa makina omvetsera, kenako kuchikulunga m'pepala lamafuta ndi kukhomerera bokosi.

Loweruka limene bambo anaimba

Chifuwa cha bambo chitayamba kuwavuta, a Mbewe ndi amene anabwera ndi maganizo oti tiwajambule. A Collier kunalibe Loweruka masana, kachipinda kanali kopanda ntchito. Bambo anavala tayi yawo ya ku Zomba, ananyamula gitala, tinakwera basi.

Kwathu ku Ntcheu munthu akamaimba ndi gitala sangoimba chabe. Amayamba wadzitchula yekha, mwana wa yani, wa mudzi uti, ndipo ndime iliyonse amaimangira pa dzina la munthu, kupereka moni kapena kuthokoza. Nyimbo yopanda dzina la munthu bambo ankaitcha mluzu. Tsikulo anaimba nyimbo imene sindinaimvepo n'kale lonse, imene anaipeka akutsuka mapoto. Anapereka moni kwa mlongo wawo, azakhali anga a Nagama. Anathokoza alamu awo a Jumbe, aphunzitsi, powabisa m'nkhokwe pamene anyamata a chipani ankawafuna. Anatchula dalaivala wa lole ya fodya amene anawatenga mpaka ku Mchinji, anatchula mayi wina amene anawabwereka chitenje ndi duku. Ndime ndi ndime, aliyense amene anawathandiza kuthawa analimo, dzina ndi mudzi. Kumbukirani kuti zaka zonsezo sitinkalemba ngakhale kalata kumudzi. A Jumbe ankaphunzitsabe chifukwa anthu ankakhulupirira kuti anakana mlamu wawo.

Atatha kuimba anakhosomola kwa nthawi, kenako anagwira a Mbewe pa mkono n'kunena kuti, "Mphwanga, izi n'za m'nyumba. Zisatuluke."

"Amalume, ine ningachite zimenezo? Iyi tepi ni ya Laisoni na bana bake," anatero a Mbewe, akuloza ine.

Kwathu kunalibe makina oimbira tepi yaikulu ngati imeneyo, choncho a Mbewe anaiika pa shelefu ya pamwamba mu ofesi yawo, nati idzakhala pomwepo mpaka ndidzagule makina anga. Bambo anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Pa maliro awo, a Mbewe ananyamula nawo bokosi, kutsogolo kumanja.

Nyengo ya kusowa pulasitiki

Mafuta atakwera mtengo padziko, pulasitiki wodindira mbale anasowa. Magetsi nawo ankabwera masiku ena okha pa sabata, masiku otsalawo tinkangosesa ndi kuwotha manja pa ketulo. A Collier analamula kuti mbale zosagulidwa tizigaya n'kudindiranso, mapepala ake ali momwemo, moti nyimbo zinkatuluka zikuthetheka ngati chimanga chokazinga. Pachipata anaika mlonda wosecha zikwama, chifukwa anyamata anali atayamba kutuluka ndi pulasitiki m'majasi. Matepi nawonso anasowa. Linabwera lamulo loti nyimbo ikangofika pachitsulo, tepi yake ifufutidwe, ijambulirenso ina. Percy anakana, anatukwana, koma anagonja.

Oimba anasiya kubwera poti panalibe chojambulira. Koma a ku Ndola anali atatumiza kale zitsulo zawo, magitala a ku migodi amene ankayenda malonda kuposa china chilichonse chimene tinali nacho. Ananena kuti satumizanso kanthu mpaka zathu zifike, ndipo pa zathuzo ankafuna nyimbo ya Chinyanja, chifukwa m'migodi munadzaza anthu a ku Malawi ndi a kum'mawa kwa Zambia osowa kwawo. A Collier anauza a Mbewe kuti ngati bokosi silidzaza, ntchito ya munthu wokwera ndege ilibe phindu. Ndinkawaona a Mbewe akudzitsekera mu ofesi masana onse, zomvetsera zili m'makutu, milomo ikuyenda. Ndinkaganiza kuti akumvetsera za ku Ndola.

Tsiku lokhomerera bokosi

Linali Lachinayi m'mawa, tsiku la magetsi. A Mbewe ankanyamuka madzulo omwewo, bokosi linayenera kukhomedwa tisanapite kokadya. Ndinaika zitsulo pa makina chimodzi ndi chimodzi, Percy akumvetsera atatsinzina. Pa chomaliza panali nambala yokha. Singano itatera, ndinamva gitala, kenako bambo anga akudzitchula dzina m'chipinda chonunkha mankhwala chija, ngati alowa pakhomo. Percy anatsegula maso. Iye anali atachiviika yekha chitsulocho osadziwa kuti n'cha yani, chifukwa tsiku lojambula kunalibe.

Ndinakwera masitepe osawaona. A Mbewe ankapinda malaya m'sutikesi. Ndinawafunsa za tepi, iwo anati inafufutidwa sabata yatha monga mwa lamulo, ndipo pano muli kwaya ya tchalitchi china. Anati ndisadandaule, pachimbale adzalembapo dzina lina, osati la Gama. Ndinawakumbutsa kuti bambo amadzitchula okha m'ndime yoyamba, ndipo kuchoka ku Chipata kufika ku Mchinji mbale imawoloka m'chikwama cha mzimayi wogulitsa zitenje tsiku limodzi. Ikangolira mu bala imodzi ku Lilongwe, a Jumbe atengedwa, azakhali atengedwa, dalaivala uja atengedwa.

"Mufana, ni nyimbo chabe," anatero osandiyang'ana. "Bantu bafuna kuvina. Ndani amamvera mazina?"

Iwo anakulira kufupi ndi malire. Ankadziwa kuti kwathu munthu amamvetsera mayina kuposa gitala, ndipo amene ankamvetsera kwambiri anali olipidwa kuti azimvetsera.

Phokoso langa linatulutsa a Collier mu ofesi. Ndinayesa kufotokoza, koma ine ndikapsa mtima Chingerezi chimandithawa, ndimangobwereza mawu amodzimodzi. A Collier anatembenukira kwa khutu lawo n'kufunsa kuti nyimboyo ikunena chiyani. A Mbewe anayankha mofatsa, m'Chingerezi chosalala, kuti ndi nyimbo ya nkhalamba yokumbuka kwawo, mulibe za ndale, ndipo mnyamatayu wasokonezeka ndi maliro. A Collier anandigwira paphewa. Anati tepi inali ya kampani, chipinda cha kampani, chitsulo cha kampani, ndipo adzandisungira mbale imodzi ikadindidwa. Ndinagwira a Mbewe pa kolala. Anyamata a pa makina anandikoka n'kunditsitsa pansi.

Ndinakhala pa benchi, Percy akundiyang'ana. Ndinamuuza zonse pang'onopang'ono, iye n'kumangogwedeza mutu. Ndinamufunsa ngati tingachotse mayina okha. Anati pa tepi zikanatheka ndi lumo, koma chitsulo sichidulidwa, ndipo ngakhale chikanadulidwa, malinga n'kunena kwanga mayina ali ponseponse. Kutuluka nacho sikukanatheka, mlonda ali pachipata, ndipo mapepala athu okhalira m'dziko muno, ine ndi mayi anga, anali ongowonjezera chaka ndi chaka. Mlandu wakuba ukanatibweza kumene tinathawa. Kuchibisa m'fakitale kunali kungochedwetsa, akanachipeza n'kuchikweza ndege yotsatira. Zinatsala ziwiri: chipite chonse, kapena mawu a bambo anga athe padziko.

Percy anati sanamve bwino poyamba paja, akuganiza kuti pali kaphokoso, ayenera kuchimveranso. Anachiika yekha pa makina. Tinamvetsera kuyambira kunja mpaka m'kati, mpaka pamene bambo akhosomola. Atatero anachichotsa, anachigoneka pa benchi pafupi ndi tchizulo yotsegulira mabokosi, n'kunena kuti akukaphika tiyi ndipo ketulo yathu imachedwa kuwira.

Ndinatenga tchizulo ija n'kukanda chitsulocho kuchokera m'mphepete mpaka pabowo la pakati, n'kubwerezanso mopingasa, mpaka panalibe mzere umene singano ikanayendamo. Chitsulo chimenechi n'chopyapyala koma chimalira. Kulirako kunamveka mpaka pamwamba.

A Collier ankafuna kuitana apolisi. Percy anabwera ndi makapu awiri n'kuwauza kuti apolisi akafika iye adzanena kuti chinam'pulumuka m'manja, ndipo akatero avula epuloni, aone amene adzawaviikire zitsulo mawa. Apolisi sanaitanidwe. Ine anandichotsa ntchito pomwepo. Pachipata mlonda anasecha chikwama changa n'kupeza mkate wokha. A Mbewe anali pawindo la pamwamba. Bokosi linapita lopereweza.

Zaka za pa basi

Zotsalazo mukuzidziwa. Ndinalowa ntchito ya mabasi, poyamba kutsuka ku depoti, kenako kondakitala, kenako dalaivala, mpaka ndinapuma. Mtima wanga unandichotsetsa ntchito kamodzinso ndi kundichedwetsa kukwezedwa kangapo, koma imeneyo ndi nkhani ya mutu wina. Kampani ya a Collier inatsekedwa ma CD atabwera, pamalopo pano pali tchalitchi cha anthu a ku Ghana. Percy ndinkamuyendera pa Khirisimasi mpaka anamwalira. Za tchizulo sitinakambepo. A Mbewe ndinawaonapo kawiri pa maliro a anthu athu, maulendo onse awiri ndinatuluka panja, chifukwa ndinkadziwa manja anga.

Zinthu zitasintha ku Malawi ndinapita ku Ntcheu. A Jumbe anali atapuma uphunzitsi mwaulemu, akuweta nkhumba. Palibe amene anatengedwa. Ndinawafotokozera iwo ndi azakhali nkhani yonse pakhonde. A Jumbe anangoti hmm, n'kuyang'ana ku nkhokwe. Azakhali anandipempha kuti ndiwaimbire ndime yawo yokha, amve mmene mlongo wawo anawatchulira. Ndinatsegula pakamwa. Nyimboyo ndinaimva katatu kokha pamoyo wanga, kawiri ndili wolusa, ndipo mayina ambiri anali a anthu amene sindinkawadziwa, poti ndinachoka ndili mwana. Ndinali ndi kamvekedwe ka gitala basi. Azakhali anati palibe kanthu, mwanawe, wachita bwino. Anamwalira osaimva.

Woolwich, chaka chatha

Pa tchalitchi chathu ku Peckham pali namwino wina, Esinati, wogwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Woolwich. Tsiku lina titaweruka ananditsatira pa khomo n'kundifunsa ngati ndili ndi m'bale dzina lake Yotamu Gama. Anati pa shifiti yake pali agogo ena a ku Zambia, opanda wowayendera, amene mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Chingerezi chonse chinawathera, anatsala ndi Chinyanja, ndiye anamwino anzake amamuitana iye kuti azimasulira. Chakudya chimene adya m'mawa sachikumbuka, koma akamawasambitsa amaimba nyimbo imodzi yaitali yodzaza mayina a anthu a ku Ntcheu, ndipo saphonya ndime.

Apo m'pamene ndinadziwa chimene milomo ija inkachita mu ofesi masana onse. Anaimvetsera kambirimbiri asanaipereke kuti ilembedwe pachitsulo. Tepi inafufutidwa, chitsulo ndinachipha ndine, koma panatsala malo amodzi pamene nyimboyo inadindika.

Ndinakhala masabata angapo ndisanapite. Mayi anu ankati ndisiye, munthu wodwala sazengedwa mlandu. Ndinapita Lachiwiri masana, pa sitima, ndikuyala m'mutu mawu amene ndinawasunga kuyambira tsiku la kolala lija, ena oti sindingawalembe pano. Esinati ananditengera m'chipinda choyang'ana pamalo oimika magalimoto. Munthu wa jekete lachikopa uja ndinam'peza atachepa ngati mwana, bulangete pamiyendo, akusisita mkono wa mpando. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndakalamba mofanana ndi bambo, aliyense amatero.

"Amalume, mwabwera," anatero, akuyesa kudzuka. "Siinapite, amalume. Mufana anaipwanya. Siinapite."

Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi kuti andione bwino. Ndinatulutsa foni, ndinaitchera pojambula mawu monga unandiphunzitsira iwe Tadala, n'kuigoneka pa tebulo pakati pathu.

"Sindine amalume anu," ndinatero. "Ndine Laisoni, amene munandinamizira pamaso pa mzungu. Munafuna kugulitsa anthu amoyo kuti bokosi lidzaze, ndipo sindinabwere kudzakukhululukirani. Nyimbo ya bambo anga yatsala mwa inu nokha, ndiye mundibwezere. Yambani poyambirira, a Mbewe, ndipo musadumphe dzina ndi limodzi lomwe."